Nkhata ya Maluwa Yochokera ku Molokai

Honolulu, 14 Malichi 1971

Okondedwa achimwene Elia,

Landirani moni, inu ndi Amayi. Kodi mwendo wa Amayi uja unasiya kutupa? Nanga nkhumba yaikazi ija inaswa ana angati? Ine kuno ndili bwino, kungoti pakhosi pamauma ndi kulankhula.

Ntchito ya m'khitchini ya hotela ija ndinaisiya. Pano ndimaima kutsogolo m'basi ya alendo odzaona malo, chimkuzamawu kumanja, n'kumawafotokozera za mzinda uno. Musaseke. Inde, ine yemwe uja ndinkathawira ku nthochi abusa akabwera kudzacheza kwathu.

Timayambira ku Pali, pamwamba pa phiri pomwe asilikali a Mfumu Kamehameha anakankhira adani awo kuphompho. Achimwene, mphepo yake! Dzulo inalanda chipewa cha mayi wina wa ku Ohio n'kupita nacho kumunsi, kenako chipewacho chinabwerera chokha n'kudutsa pamwamba pa mitu yathu. Alendo anaseka mpaka misozi. Koma ine ndikasuzumira pansi paja, n'kuona nyumba zachepa ngati mabokosi a machesi, minda ili biriwiri mpaka kunyanja, kuseka kumandithera. Ndimaganiza za anthu mazanamazana amene anathera pamenepo, thupi n'kuchita tsembwe, ngakhale ndafikapo kambirimbiri. Dalaivala wathu, Clement Furtado, sanyamuka asanafunse ngati pali amene wanyamula nyama ya nkhumba. Akuti iye sakhulupirira zoti galimoto imazima ukawoloka nayo phirilo, koma safuna kuti ziyambire pa basi yake.

Tikachoka kumeneko timatsikira ku Iolani, nyumba yachifumu. Boma linasamukamo zaka ziwiri zapitazo, ndipo amisiri akuikonza kuti ibwerere momwe inalili. Ndimawauza alendo kuti muno munayaka magetsi nyumba ya pulezidenti ku Washington idakali pa nyali za gasi, iwo n'kumati, "Aa, zoona?" Koma ndikawalozera zenera la m'mwamba, la chipinda chomwe anatsekeramo Mfumukazi yathu yomaliza, basi yonse imangoti zii.

Tsopano nkhani yeniyeni. Pa 11 Juni amaveka chiboliboli cha Kamehameha nkhata zamaluwa, ndipo ndikufuna Amayi abwere adzaone. Sindinaiwale zomwe ananena pakhonde tsiku ndinkachoka, kuti mzinda uno unadya Mfumukazi, tsopano ukudya mwana wawo, ndipo phazi lawo silidzapondamo. Zaka ziwiri zatha asanandilembere ngakhale mzere umodzi. Ndawasowa, achimwene, ndipo zikundipweteka. Tikiti ndigula ine. Anyengerereni, inu amakumverani.

Mlongo wanu,
Ululani


Pukoo, Molokai, 2 Epulo 1971

Mlongo wanga Ululani,

Tonse tili bwino. Mwendo wa Amayi umatupa pokhapokha ndikawauza kuti apume. Nkhumba inaswa asanu ndi awiri, mmodzi ndi wolongolola kwambiri, ndamutcha dzina lako.

Ndiye wasanduka wailesi? Dziko latembenuka. Ndauza anzanga ku munda wa zinanazi kuti mlongo wanga amalipidwa chifukwa cholankhula, onse akufuna kudziwa ngati kukufunika anthu ena, akuti akazi awo ali ndi luso.

Kalata yako ndinaiwerenga mokweza pakhonde. Amayi anali akusinja poi, nsima yathu ya koko ija, atandipatsa msana, ati sakumvera. Nditafika pa zenera la Mfumukazi, mwala wosinjira unaima.

"Zenera liti? La dzanja liti?"

"Sananene, Amayi."

"Ndiye azunguwo amawauza chiyani ngati sanena?"

Kenako anandiuza nkhani yomwe sindinaimvepo. Akuti amayi awo, agogo athu a Kahaunani, ali kamtsikana, ankatumidwa kukasiya maluwa pachipata cha nyumba imeneyo nthawi yomwe Mfumukazi inali yotsekeredwa. Maluwawo ankawakulunga m'nyuzipepala, kuti Mfumukazi ipeze poonera zomwe zikuchitika kunja. Atatha kunena zimenezi anayambanso kusinja mwamphamvu ngati poi wawalakwira.

Za Juni ndinayesa. Yankho lake ndi ili: "Mfumu yachitsulo sinunkhiza maluwa." Ndinati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, muloleni mtsikana. Anati ine ndisawaphunzitse miyambi m'nyumba mwawo.

Koma ndikutsine khutu. Zaka ziwiri zonsezi tsiku lako lobadwa linkangodutsa, osalitchula. Chaka chino atulutsa singano yawo yaitali yotungira nkhata, aitsuka ndi phulusa, ndipo pakalana, chomera cha maluwa onunkhira cha kuseri kwa nyumba chija, akuchithirira ngati khanda. Ndinafunsa kuti ndi za yani, anati, "Za munthu wobadwa pa 8 Meyi, ngati ukumudziwa." Akufuna kuitumiza pa ndege ndi msuweni wathu Moke. Iwe ukuwadziwa Amayi, pepani satuluka pakamwa pawo. Nkhata imeneyi ndiye pepani wawoyo. Uchite ngati sindinakuuze.

Tandigulireko mbedza zazikulu, kuno zasowa.

Ndine mlongo wako,
Elia


Honolulu, 12 Epulo 1971

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata, ndakondwa kumva kuti muli bwino. Mbedza ndapatsira Moke.

Chonde auzeni Amayi asavutike ndi nkhata chaka chino. Sinditha kuivala. Musandifunse chifukwa, ndidzafotokoza ndekha akabwera mu Juni. Muwauze mofatsa.

Lachiwiri tinatengera alendo ku Pearl Harbor. Timakwera boti mpaka pa kanyumba koyera komwe anamanga pamwamba pa sitima yankhondo imene inamizidwa ndi mabomba pa nkhondo yaikulu ija. Ukaima pamenepo umaiona sitimayo pansi pa madzi, dzimbiri lokhalokha, nsomba zikulowa ndi kutuluka. Anyamata oposa chikwi anafera mmenemo, ndipo ambiri adakali momwemo. Mafuta akutulukabe, kadontho kamodzikamodzi, kamakwera n'kufalikira pamwamba pa madzi, patatha zaka pafupifupi makumi atatu. Bambo wina wokalamba wa ku Kansas anapeza dzina la mwana wake pakhoma, analisisita ndi chala kwa nthawi yaitali. Palibe anamufulumizitsa, ngakhale woyendetsa boti. Ine ndinangoima pambali mpaka tinabwerera.

Musaiwale za nkhata zija.

Ululani


Pukoo, 29 Epulo 1971

Ululani,

Ndachedwa kuyankha dala, ndimadikira kuti mtima utsike. Sunatsike.

Ndinalakwitsa, kalata yako ndinaiwerenga mokweza ndisanaione ndekha. Mawu aja anangotuluka. Amayi anali atakhala pamkeka, mbale ya pakalana pamiyendo, akuyesa ulusi.

"Werenganso."

Ndinawerenganso.

"Wati satha kuivala?"

"Mwina ndi malamulo a kuntchito, Amayi."

"Usamuikire kumbuyo. Ku Honolulu amavala zapulasitiki, zosafota. Zathu zakumudzi zimamuyabwa."

M'mawa mwake ndinapeza maluwa onse aja pamanda a Bambo, osatunga, atangowakhuthula. Singano aibweza m'kabati.

Kodi iwe, chibadwire unamvapo munthu akukana nkhata? Ngakhale mdani wako akakuveka, umaweramitsa mutu n'kulandira, kukavulira kunyumba. Umaima m'basi kuphunzitsa alendo miyambo yathu, mwambo woyambirira weniweni n'kuuponda wekha. Unandituma kuti ndiwanyengerere, ndinagwira ntchitoyo mwezi wathunthu, iwe waigwetsa ndi mizere iwiri. Kenako n'kumandiuza za sitima yomira! Ndakhumudwa nawe kwambiri.

Za Juni iwala. Mbedza ndalandira, ndi zabwino.

Elia


Honolulu, 5 Meyi 1971

Achimwene anga,

Moni. Iyi muwerenge nokha, kumunda kapena m'bwato, osati pakhonde.

Ndili ndi pakati. Ndi miyezi inayi tsopano. Mwini wake ndi Clement, dalaivala uja. Tinakwatirana mu Disembala kwa woweruza, mboni anali anzathu awiri akuntchito. Ndi munthu wabwino, wofatsa, ndipo amatumikira ku tchalitchi kwawo ku Kalihi. Ndikudziwa kuti ndinalakwa kusakuuzani. Koma munthu amene sakuyankha makalata ako zaka ziwiri, ungamuuze bwanji za ukwati papepala?

Inu amuna zina simuzidziwa, kapena mumamva n'kuiwala. Mkazi woyembekezera savala nkhata yomanga mfundo. Akuluakulu amati ikazungulira khosi la mayi, mchombo nawo umazungulira khosi la mwana m'mimba. Amamuveka yosamanga, nsonga zake zikulendewera. Mwina muti ndi zachikale. Inenso ndimati ndine wa m'tauni, koma mwezi watha mlendo wina anafuna kundiveka yake potsazika, ndinadumphira kumbuyo mpaka ndinagunda chitseko cha basi. Ndi mwana wanga woyamba, achimwene. Ndikuopa.

Ndiye ndikanatani? Ndikanalandira ya Amayi n'kuipachika pakhoma, Moke akanakanena kuti sindinavale. Ndikanati atumize yosamanga, Amayi akanadziwa nthawi yomweyo, n'kumva za mdzukulu wawo kudzera pakamwa panu, pakhonde, ngati nkhani ya eni. Zimenezo sakanandikhululukira mpaka kumanda. Ndimafuna ndiwagwire dzanja, ndiwauze ndekha. Ndinaganiza kuti ndasankha njira yabwino, koma ndaona kuti ndawabaya pamtima. Nditawerenga za maluwa a pamanda a Bambo ndinalira mpaka Clement anachita mantha.

Ndikanabwera ndekha, koma nyengo ino alendo achuluka ndipo tchuthi sapereka mpaka Seputembala.

Masiku ano ndikafika pa chiboliboli cha Mfumu ndimakhalitsa. Alendo ndimawauza kuti choyamba chinamira ndi sitima pobwera kuchokera ku Ulaya, anthu n'kuitanitsa china, kenako choyamba chija chinavuulidwa n'kufika ndithu kwawo. Iwo amajambula n'kubwerera m'basi. Ine ndimatsalira pang'ono, kuyang'ana dzanja lake lotambasula lija, n'kumapempha mumtima kuti Amayi abwere.

Lumbirani kuti simuwauza. Ndikukupemphani.

Mlongo wanu,
Ululani


Pukoo, 31 Meyi 1971

Mlongo wanga,

Pepa. Kalata yako inakhala milungu itatu ku positi, ine ndili ku Kualapuu, tikugona komweko chifukwa chokolola zinanazi. Ndaiwerenga dzana, nditakhala pa thilakitala. Anzanga anafunsa ngati kwagwa zovuta, ndinati ayi, ndi fumbi lalowa m'maso.

Ndiye ndikhala malume! Clement ameneyo umuuze kuti ali ndi mlandu ndi ine. Mawu onse oipa ndinakulembera aja ndawabweza.

Ndalumbira, sindinawauze. Koma zinthu zafika poipa, ndipo mutu wanga waima. Ndabwerera kunyumba n'kupeza Amayi atagula okha tikiti ya ndege. Agulitsa ana a nkhumba atatu, wolongolola uja ali m'gulu. Diresi lawo loyera la kutchalitchi lili pachingwe.

"Mukupita kuti, Amayi?"

"Kukaona Mfumu yachitsulo."

"Si munati phazi lanu silidzapondako?"

"Phazi ndi langa. Ndikufuna mwana ameneyo akaikane nkhata yanga ndikumuona, pamaso pa Mfumu ndi anthu onse. Zokanira m'kalata n'zosavuta."

Singano yatulukanso m'kabati. Pakalana waphuka kuposa kale, ndipo akuti atunga mizere isanu ndi umodzi. Ndinayesa kuzungulira nkhani, ndinati, "Bwanji osangoisiya yosamanga, Amayi, kuti isathothoke m'ndege?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Unayamba liti kutunga nkhata iwe?" Ndinatuluka panja.

Afika pa 11 m'mawa, akafikira kwa azakhali a Abbie. Akuti mukakumane pa chiboliboli pomwepo, osati kwina. Ine sinditha kubwera, ziweto zilibe wozisamala. Ndauza Moke akupatse kalatayi pamanja kuti isagonenso ku positi. Uyesetse kuwapeza mwambo usanayambe, uwauze msanga. Ukaikana kachiwiri pagulu, sindikudziwa ngati udzawaonenso.

Elia


Honolulu, 13 Juni 1971

Elia mwana wanga,

Ndinafika bwino. Kodi nkhumba ukuzipatsa madzi? Pakalana uzithirira m'mawa, osati dzuwa litakwera.

Ndege ndi chinthu chopanda ulemu. Koma itapendekeka pamwamba pa phiri la Leahi, ine n'kuona m'kati mwake ngati m'mbale, ndi mzinda wonse utayala kuchokera kumapiri mpaka kunyanja, ndinaiwala kuopa. Abbie anandilandira. Anati mlongo wako wabwera kawiri m'mawa kudzandifunafuna. Ndinati adikire, ndinanena kale pokumanira.

Ndinkati chiboliboli ndi chitsulo basi. Mwananga, ndinanama. Munthu uja waima pamwamba, wakuda bii, mwinjiro wake wagolide ukuwala, mkondo kudzanja lina, dzanja lina atatambasula. Nkhata zinabwera zazitali kuposa bwato la bambo ako, iliyonse itanyamulidwa ndi azimayi angapo pamikono, akuyenda pang'onopang'ono. Ozimitsa moto anaimika makwerero a galimoto yawo n'kumakwera nazo imodziimodzi. Mkulu wina wa imvi anayamba kutchula mayina a makolo a Mfumu m'chilankhulo chathu, mawu ake akumveka kuposa magalimoto a mumsewu. Ine ndinkaganiza kuti chilankhulo chimenechi chinatha kalekale mumzinda muno. Ngakhale azungu anatsitsa makamera. Dzanja la Mfumu linakwiririka ndi maluwa mpaka silinaonekenso, fungo n'kudzaza bwalo lonse. Ndakhala ndikutunga maluwa moyo wanga wonse, koma zotere maso anga anali asanaone. Nditacheuka ndinaona nyumba yachifumu ili pomwepo kutsidya kwa msewu, ndi chipata chomwe amayi anga ankaimapo. Ndinagwira phewa la Abbie.

Ndipamene mlongo wako anatulukira m'gulu, atavala diresi lotaya lamaluwa la kuntchito kwawo, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kwake kunali mwamuna wamkulu ngati chitseko, chipewa chili m'manja.

"Amayi, mwafika."

"Ndafika. Sindinabwerere iwe, ndabwerera Mfumu."

"Amayi, tiyeni pambali, ndili ndi mawu."

"Mawu ako ndinawamva kale, m'kalata."

Ndinamasula masamba omwe ndinakulungira nkhata. Mizere isanu ndi umodzi, ndipo mfundo ndinamanga ziwiri kuti isamasuke. Ndinaikweza m'mwamba ndi manja onse. Anthu otizungulira anacheuka, poti pakalana sabisika.

"Ikane pano," ndinatero. "Ndimve ndi makutu anga."

Sanakane. Anandiyang'ana, nkhope itatuwa. Mwamuna uja anati, "Ulu," motsitsa mawu, mlongo wako n'kupukusa mutu kuti mwamunayo akhale chete. Kenako anatsinzina n'kuweramitsa mutu kuti ndimuveke. Mumtima ndinati ndapambana. Nkhata inali itafika kale pa tsitsi lake pamene ndinaona dzanja lake. Linali litatsikira pamimba, litagwira zolimba, diresi n'kukokeka. Ndabereka ana, ndakhala mzamba wa azimayi a ku Pukoo zaka zambiri, ndipo ndinaima pamenepo ngati wakhungu chifukwa cha mkwiyo.

Elia, ndipamene ndinazindikira. Ndinaibweza nkhata ija msangamsanga. Mpeni ndinalibe, mfundo zanga zomwe zinakana zala zanga. Ndinaluma ulusi ndi mano, pagulu, nditavala diresi la kutchalitchi. Unaduka, maluwa ena n'kuyoyokera pansi.

"Miyezi ingati?"

"Isanu, Amayi."

"Ndiye umati uvale yomanga? Wapenga iwe?"

"Ndikanakukanani kawiri, Amayi?"

Ndinamanga nsonga iliyonse payokha kuti maluwa otsala asathothoke, ndinamuveka, nsongazo zikulendewera uku ndi uku. Ndinamukumbatira n'kulira mokweza, ine amene sindinalire pamaliro a bambo ako. Azimayi ena omwe sindikuwadziwa anaona nkhata yosamanga ija, anamvetsa, n'kuyamba kumufunira mwanayo mafuno abwino.

Nditapukuta maso ndinafunsa, "Chitseko ichi ndiye mwini wake?"

"Ndine, Amayi," iye anatero. "Tinakwatirana mu Disembala."

"Amayi ako ndani? Nyamula chikwama."

Ananyamula. Amanyamula bwino, ndipo dzulo waphika nsomba osaipsereza. Za ukwati wa kwa woweruza tidzakambirana mwana akabadwa, ndipo abusa adzakhalapo.

Iwenso ndili nawe mawu. Unadziwa, n'kundisiya ndikumanga mfundo ziwiri ukuona. Mlongo wako akuti anakulumbiritsa. Chabwino, wasunga lumbiro, koma tsiku lina udzaphetsa munthu ndi kukhulupirika kwakoko.

Lachiwiri usapite ku bwalo la ndege, sindibwera. Mtsikanayu amaima m'basi tsiku lonse, mapazi atupa, ndipo sadziwa chilichonse. Unditumizire madiresi anga awiri ndi mwala wosinjira poi, za m'sitolo za kuno ndi madzi okhaokha. Ndikhala kuno ku Honolulu mpaka mwana atabadwa mu Okutobala, ndimuone khosi lake ndi maso anga.

Amayi ako,
Harriet Naeole